Magalasi a Peugeot 404 yanga akandika: ndiwakweche kapena ndiwasiye?

"Zikomo bambo. Ndili ndi Peugeot 404 ya 1968 imene malemu bambo anga anandisiyira, ndipo ndakhala ndikuikonza pang'onopang'ono. Penti ndamaliza, injini ikulira bwino, chatsala ndi magalasi. Lakutsogolo lili ndi mizere yokhota momwe mumadutsa mawaipa, ndipo usiku nyali za anzanga zimandithobwa m'maso. La pachitseko cha dalaivala lili ndi mizere iwiri yoimirira, yozama ndithu. Lakumbuyo lili mbuu, komanso lili ndi timadontho takuda tokhakhala timene tinabwera galimoto ili kwa owotcherera. Mnzanga wina akuti Colgate amachotsa, wina akuti Brasso. Magalasi otere sapezeka m'sitolo, ndiye ndikuopa kuwononga. Ndichite chiyani?"
Wowerenga wathu wa ku Zomba

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanagwire kanthu. Ambiri amene amandipeza pa nkhani imeneyi amabwera atayesa kale sandipepa kapena siponji yobiriwira yotsukira mbale, ndipo pamenepo ntchito imakhala yakula kawiri. Magalasi anu atatuwa ali ndi matenda atatu osiyana. Lakumbuyo likhoza kuyera ndi zinthu zimene muli nazo kale m'nyumba. Lakutsogolo lingathe kusintha kwambiri mukakhala wodekha. La pachitseko ndi limene tikambirane mosabisa, chifukwa mwina yankho lake silikusangalatsani.

Choyamba mumvetse chimene chimachitika tikati tachotsa mzere pagalasi. Mzerewo ndi kangalande, ndiye kuti galasi linachokapo pamalopo ndipo silingabwerere. Palibe mankhwala amene amatseka ngalandeyo n'kukhala ngati galasi latsopano. Chimene timachita ndi chofanana ndi zimene gireda imachita pamsewu wafumbi wokumbika ndi madzi: imapala msewu wonse m'mbali mwa ngalande mpaka ufanane ndi pansi pa ngalandeyo. Choncho funso lenileni pa mzere uliwonse ndi lakuti: kodi ndipale galasi lochuluka bwanji kuti ndifike pansi pake, ndipo galasi ili lingapirire zimenezo? Galasi lopalidwa malo amodzi limasanduka mandala. Mukayang'aniramo, mtengo wamagetsi woongoka umaoneka wokhota, ndipo mukamayendetsa maso amatopa, mutu n'kuyamba kuwawa. Mzere umakwiyitsa mwini galimoto, koma galasi lokhotetsa zinthu kutsogolo kwa dalaivala ndi ngozi.

Za Colgate tithane nazo msanga. Akatswiri a miyala ali ndi muyeso wa kulimba kwa zinthu wotchedwa Mohs, woyambira pa 1 kufika pa 10. Galasi lili cha pa 5.5, pomwe mchenga wamba, umene ambiri mwa iwo ndi mwala wa quartz, uli pa 7. N'chifukwa chake fumbi la mwezi wa Okutobala limakanda galasi mosavuta. Mankhwala otsukira mano anapangidwa dala kuti asapale mano, ndiye galasi sangalichite kanthu. Brasso ndi wa zitsulo zofewa ngati mkuwa. Amene amati zinawathandiza nthawi zambiri anangochotsa litsiro lomwe linali mumzeremo, kapena mafuta ake anabisa mzerewo kwa masiku angapo mpaka mvula itagwa. Siponji yobiriwira ija ndiye muithawe, chifukwa zambiri mwa izo zili ndi timiyala tolimba kuposa galasi ndipo zimasiya chifunga chosachoka.

Musanagule chilichonse, tsukani magalasi onse ndi madzi ambiri ndi sopo, mkati ndi kunja. Kenako nyowetsani galasi ndi madzi asopo, mutenge lezala latsopano, muligoneke pang'ono n'kulikankha mbali imodzi basi. Mudabwa kuona kuti mizere ina imene mumaiyesa yokandika ndi labala wa waipa wopsa ndi dzuwa amene anamatirira, kapena ufunga wa penti umene unagwera pagalasi popopera. Zimene zatsala, zipititseni chikhadabo mopingasa. Chikhadabo chikangodutsa osamva kanthu, mzerewo ndi wapamwamba ndipo mungauthe nokha. Chikamamva pang'ono koma osakodwa, mzerewo mungauchepetse, ngakhale mwina sudzatheratu. Chikakodwa n'kuima, pamenepo ufa wopolishira sungathandize, pafunika kupala kwenikweni. Muonenso kuti mzerewo uli mbali iti. Gunditsani nsonga ya cholembera pamzerepo n'kuyang'ana chapambali; ngati pali mpata pakati pa nsongayo ndi mzere, ndiye kuti uli mbali inayo. Anthu amatha tsiku lonse akukwecha kunja pomwe mzere uli mkati.

Chachiwiri, dziwani mtundu wa galasi lanu, chifukwa mitundu iwiri imene ili pagalimoto imawonongeka mosiyana. Pali galasi lokhwimitsidwa ndi moto, limene amalitenthetsa kupitirira madigiri 600 n'kuliziziritsa mwadzidzidzi ndi mpweya. Kunja kwake kumakhala kopanikizika, mkati mwake n'kukhala mokokeka, ndipo mphamvu yake yonse yagona pa khungu lakunjalo. Likasweka limaphulika lonse nthawi imodzi n'kukhala tizidutswa ting'onoting'ono. Ndiye pali la zigawo ziwiri zomatidwa ndi pulasitiki pakati, limene Mfalansa wina, Édouard Bénédictus, analembetsa mu 1909. Limeneli likagundidwa limang'aluka koma siligwa. Magalimoto amakono onse ali ndi la zigawo ziwiri kutsogolo, koma magalimoto ambiri a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1960 ankatuluka ndi lokhwimitsidwa ndi moto ngakhale kutsogolo komwe. Ndiye musangoganizira. Yang'anani kachizindikiro kapakona. Mukaona Securit, Toughened, Tempered, Trempé kapena Armourplate, ndi lokhwimitsidwa. Mukaona Laminated kapena Feuilleté, ndi la zigawo ziwiri, ndipo mwina linasinthidwapo kale. Chizindikiro chikakhala kuti chinafufutika, bwerekani magalasi adzuwa a mtundu wa polarised: galasi lokhwimitsidwa limaonetsa mawangamawanga mukaliyang'ana padzuwa.

Kachizindikiro kameneko musakakweche. Kwa anthu okonda magalimoto akale, ndi umboni woti galasilo ndi lomwe galimoto inabadwa nalo. Pa magalimoto a ku Britain okhala ndi magalasi a kampani ya Triplex, timadontho tapamwamba ndi pansi pa zilembo timasonyeza ngakhale chaka ndi chigawo cha chaka chimene galasilo linapangidwa, ndipo ena amadziwira pamenepo zaka zenizeni za galimoto. Ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ine sindifulumira kuuza munthu kuti ataye galasi lakale chifukwa cha mzere umodzi.

Tiyambe ndi lakumbuyo poti ndi losavuta. Kuchita mbuu kumeneko kawirikawiri ndi mchere wa m'madzi, makamaka ngati galimoto imatsukidwa ndi madzi a pamjigo n'kuumira padzuwa. Nyowetsani nsalu ndi viniga woyera wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, muiyale pagalasi kwa mphindi 10 pamthunzi, mutsuke, mubwerezenso. Viniga asakhalitse pa penti ndi pa zitsulo zonyezimira. Ngati chifunga chikadalipo, ndiye kuti mcherewo unadya khungu la galasi, ndipo ufa umene nditchule pansipa umachotsa zimenezo mosavuta kuposa mizere. Ngati mkati mwa galasilo muli timizere totenthetsera, mbali imeneyo isaone lezala kapena makina.

Timadontho takudato ndi nkhani ina. Zimenezo ndi nthethe za moto wowotcherera kapena wa girayinda, tizitsulo totentha timene tinasungunula galasi n'kulowamo. Lezala lichotsa kachitsulo kotumphuka kuti kasamang'ambe nsalu ndiponso kasachite dzimbiri, koma pansi pake patsala kadzenje. Ngati ndi tochepa, tisiyeni. Pagalasi lakumbuyo simudzationa mukuyendetsa, ndipo kupala galasi lonse kuti mufike pansi pa timaenjeto ndi kuika galasi pachiswe popanda phindu lenileni.

Tsopano lakutsogolo. Mizere ya mawaipa imabwera chifukwa cha zinthu ziwiri: kuyatsa mawaipa pagalasi louma lafumbi, ndi labala kutha mpaka chitsulo kuyamba kukhudza galasi. Yoyambayo imasiya mizere yambirimbiri yopyapyala imene masana simuiona, koma usiku imamwaza kuwala. Imeneyi ndi imene imachoka bwino. Yachiwiriyo imasiya mzere umodzi kapena iwiri yozama kumapeto kwa waipa. Koma onaninso chinthu china dzuwa likapendeka: ngati galasi lonse likuoneka lathothomoka ndi timaenje tosawerengeka, ndiye mchenga ndi timiyala ta pamsewu ta zaka zoposa 50. Kuthobwa m'maso kochokera ku timaenje timeneti sikutha ndi kupolisha. Mungatuluke thukuta masiku atatu, galasi n'kuwala bwino masana, usiku vuto lili pomwepo. Likakhala lotere, ndalama zanu zipite kofunafuna galasi lina. Chimodzimodzi ngati ndi la zigawo ziwiri ndipo m'mphepete mwayamba kuyera ngati nkhungu: pamenepo chinyezi chalowa pakati pa zigawozo, ndipo vutolo lili mkati momwe dzanja silifika.

Ngati ndi mizere yopyapyala ija, chimene mukufuna ndi ufa wotchedwa cerium oxide. Ndi umene opanga mandala ndi akalilole amamalizira ntchito yawo. Umakhala woyera kapena wofiirira pang'ono, ndipo umagwira ntchito pawiri: umafewetsa khungu la galasi pamene pali madzi, n'kulipala pang'ono kwambiri. Funsani kwa odula magalasi kapena ogulitsa penti wa magalimoto, apo ayi muitanitse kudzera kwa amene amapita ku Johannesburg kapena pa intaneti. Magalamu 100 akukwanirani n'kutsala. Mufunikanso kapadi, kutanthauza kansalu kozungulira kopolishira, ka felt kapena rayon kokula mamilimita 75 kapena kupitirirapo pang'ono, kokhoza kumangidwa pa makina oboolera kapena opolishira, botolo lopopera madzi, tepi, mapulasitiki ndi cholembera cha inki yosachoka ndi madzi. Girayinda wamba ayi ndithu. Imazungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi, pomwe inu mukufuna cha pa 1,000 mpaka 1,500. Makina a batire ndi abwino chifukwa mukugwira ntchito ndi madzi. Ngati ndi a magetsi, chingwe chikhale pouma ndipo musaime pamadzi.

Galasilo musalichotse pagalimoto. Ikani galimoto pamthunzi, m'mawa galasi lisanatenthe. Phimbani boneti, denga, labala ndi zitsulo zonse zozungulira, chifukwa phala la ufawu limathovukira patali, ndipo likauma pa labala kapena m'mipata ya penti wanu watsopano lidzakuvutitsani. Zungulizani mizereyo ndi cholembera kumbali ya mkati, kuti phala likaphimba kunja muzidziwabe pomwe muli. Sakanizani ufa ndi madzi mpaka likhale phala lamadzimadzi, nyowetsani kapadi, mupakepo pang'ono. Yambani kuyesa pakona yakumunsi ya mbali ya wokwera, kutali ndi maso a dalaivala.

Pogwira makina, kapadi kagone konse pagalasi, osati kudya ndi m'mphepete. Kanikizani pang'ono chabe, ndipo muziyendetsa mosalekeza, kumanzere ndi kumanja, kenako m'mwamba ndi m'munsi, njira iliyonse izilowa theka la inzake. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: maso amakhala pamzere, dzanja n'kumatsatira mzerewo, mapeto ake akumba chigwa chotalika. Ngati mzere uli pamalo okula ngati chala, inu polishani malo okula ngati chikhatho ndi kupitirira, kuti kutsika kwa galasi kufalikire ponseponse mosaoneka. Phala lisaume. Likayamba kuuma poperani madzi pang'ono m'malo mowonjezera ufa. Pakapita kanthawi kochepa kalikonse, imitsani makina n'kugwira galasi ndi kuseri kwa dzanja. Kufunda n'kwabwino, ufawo umagwira bwino pofunda. Koma ngati simungathe kusiyapo dzanja, imani, ndipo lizizire lokha. Musathirepo madzi ozizira. Galasi la zigawo ziwiri ndi limene limaopa kutentha kwambiri: malo amodzi akatentha pomwe pozungulira pali pozizira, mng'alu umayamba, makamaka ngati pafupi pali kale pomwe mwala unagunda. Ngati pali malo otero, akonzedwe kaye ndi odziwa kuthira utomoni m'ming'alu, kapena musafikepo n'komwe. M'mphepete mwa galasi siyani masentimita atatu kapena anayi osakhudza.

Ntchitoyi ndi yochedwa, ndipo ndikunena izi kuti musataye mtima. Njira imodzi ya waipa imatha kukudyerani maola angapo. Pukutani kawirikawiri, muunike ndi tochi chapambali, kenako mulowe m'galimoto, mukhale pampando wa dalaivala n'kuyang'ana chinthu choongoka monga mizere ya njerwa pakhoma, mukusuntha mutu uku ndi uku. Mukangoona mizereyo ikuyamba kugwedera pamalo amene mukupolisha, lekerani pomwepo ngakhale mzere usanathe. Kunena zoona, pa mzere wozama uja wa kumapeto kwa waipa, cholinga changa sichikhala kuuchotsa. Ndimangofuna kusalaza milomo yake yakuthwa, chifukwa milomoyo ndi imene imagwira kuwala n'kuoneka yoyera. Ikasalala, mzerewo umakhalapobe koma diso siliupeza pokhapokha mutaufunafuna.

Tabwera pa chitseko cha dalaivala. Mizere yoimirira imatanthauza kuti galasi limakhuzana ndi chinthu cholimba likamakwera ndi kutsika. Pafupifupi nthawi zonse wolakwa ndi kansalu kaubweya kamene kali pamlomo wa chitseko ndi m'ngalande zomwe galasi limayendamo. Ubweyawo ukatha, kachitsulo kapena kamsomali kogwirira kamatulukira, kapena mchenga umakhazikika mmenemo. Chilichonse chimene mungachite pagalasi musanasinthe zimenezi n'kutaya nthawi, chifukwa mlungu umodzi mizere idzabwerera pomwepo. Ndiye tsegulani chitseko mkati, mutulutse galasi, musinthe tinsaluto, mutsuke ngalande, muonenso ngati makina okwezera sakupendeketsa galasi.

Galasi la pachitseko la nthawi imeneyo ndi lokhwimitsidwa, ndipo kufooka kwake kuli m'mphepete. Pakati mukhoza kulimenya ndi chibakera osasweka, koma kona yake ikangogunda simenti kapena sipanala, latha. Ligonekeni pa bulangeti, patebulo lathabwa. Poti mwati mizereyo ndi yozama, ndikukhulupirira kuti chikhadabo chikodwa. Njira yake ndi kupala ndi mapepala apadera a silicon carbide, kuyambira okhakhala kupita ku osalala, gawo lililonse likufufuta zikande za gawo lapitalo pamalo okulirapo, kenako n'kumalizira ndi cerium oxide. Zimatheka, ndipo pagalasi lapambali kukhota pang'ono sikuvuta ngati kutsogolo. Koma pepala loyamba likangokhudza, galasi limayera mbuu ndipo simungabwerere m'mbuyo, muyenera kumaliza magawo onse. Mukadumpha gawo limodzi, mudzatsala ndi chifunga choipa kuposa mizere iwiri ija. Komanso mukupala khungu lomwe limapatsa galasilo mphamvu. Ine malangizo anga ndi akuti galasi limene mulibe lina lolowa m'malo mwake lisakhale pophunzirira. Ngati mtima ukufunabe, kagulani galasi lakale la galimoto iliyonse kwa ophwasula magalimoto, mulikande dala ndi msomali, muphunzirirepo. Mukalephera pamenepo mwataya zochepa.

Mukafuna kupereka kwa mmisiri, musafunse kuti "mungathe?" chifukwa aliyense ayankha kuti inde. Funsani kuti agwiritsa ntchito chiyani, ndipo akuonetseni galasi limene anakonzapo, muyang'aniremo nokha chinthu choongoka. Akatulutsa girayinda ndi sandipepa wa penti, nyamulani galasi lanu. Mugwirizanenso poyambirira kuti likasweka zikhala bwanji, chifukwa ngakhale mmisiri wabwino sangalonjeze pagalasi la zaka zimenezi.

Musaganizenso kuti kupeza lina n'kosatheka. Peugeot inapanga ma 404 oposa 2.8 miliyoni, kuyambira 1960 mpaka 1975 ku France, ndipo ku Kenya anapitiriza kuwalumikiza mpaka 1991. Ambiri anathera mu Africa muno, ndipo galimoto ikaola, magalasi a m'zitseko nthawi zambiri amatsala ali bwinobwino, makamaka a mbali ya wokwera amene sankatsitsidwa kawirikawiri. Funsani amakaniko achikulire, iwo amadziwa kuseri kwa nyumba kumene kwagona zigoba. Popita tengani galasi lanu kapena katoni yodulidwa molingana nalo kuti mukayerekeze, chifukwa saluni, siteshoni wagoni ndi pikapu sizifanana magalasi onse. Gonekaninso lula pagalasi lanu. Likakhala lathyathyathya, monga zilili pa Land Rover zakale, odula magalasi angathe kukudulirani latsopano kuchokera ku la zigawo ziwiri. Chovuta n'chakuti limene limapezeka kwambiri ndi lokhuthala mamilimita 6.38, ndiye yesani kaye ngati lingayende m'ngalande zanu. Lokhwimitsidwa silidulika likatuluka mufakitale, choncho wina asakunamizeni kuti achepetsa la galimoto ina. Galasi la mawindo a nyumba lisayandikire galimoto, limasweka m'zidutswa zazitali zakuthwa. Pulasitiki woonekera amakandika msanga kwambiri, ndipo kutsogolo sayenera n'komwe. Kumbukirani kuti galimotoyi ikaonedwa ku Road Traffic kuti ipatsidwe COF.

Ngati mutapeza kuti lakutsogolo liyenera kuchoka, kaya kuti lisinthidwe kapena lipite kwa mmisiri, labala watsopano akhale ali m'manja kaye. Labala wakale anauma gwa, ndipo kukankha galasi kuti lituluke mwa iye ndi kumene kumaswa magalasi ambiri akale. Dulani labalayo ndi mpeni kuzungulira konse, galasi lituluke lokha anthu awiri ataligwira. Labala amapezeka mosavuta kuposa galasi.

Zikatha zonsezi, uzani aliyense amene amatsuka galimotoyo kuti fumbi silipukutidwa ndi nsanza youma, amayamba athira madzi ambiri. Botolo la madzi a mawaipa likhale logwira ntchito ndi lodzaza, labala wa mawaipa muzimusintha akangoyamba kulira kapena kusiya mizere ya madzi, ndipo galimoto ikaima nthawi yaitali muzitsuka pansi pa mawaipawo musanawayatse. Ikadzapitanso kwa owotcherera, phimbani nokha magalasi onse ndi makatoni okhuthala kapena mabulangeti onyowa musanawasiyire makiyi.